Dziwani Chitsulo Chosulirapo Chimene Muli Nacho

Makolo athu a ku Kasungu anali amisiri a chitsulo. Ng'anjo zawo zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu National Park. Iwo ankasulira pa mwala wolimba, koma Azungu atafika anabwera ndi zitsulo zosulirapo za ku England. Ngati m'mudzi mwanu kapena pa esiteti ya fodya pali chitsulo chotere, musafulumire kuchigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Yambani mwachidziwa bwino.

Choyamba, chitsukeni ndi bulashi ya waya. Pakani choko m'mbali mwake, ndipo muwalitse tochi chopendekera kuti zilembo zioneke.

Chachiwiri, funani chizindikiro cha asilikali. Boma la Britain linkadinda katundu wake ndi mizere itatu yokumana pamwamba, yooneka ngati phazi la nkhuku. Kawirikawiri pambali pake pali zilembo W ndi D, kutanthauza War Department. Asilikali a King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902, ankagwiritsa ntchito katundu wa boma limeneli pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndi ya 1939 mpaka 1945. Koma kumbukirani kuti chizindikirochi chikunena za mwini, osati za wopanga.

Chachitatu, werengani dzina la wopanga. Peter Wright anali wa ku Dudley. Mousehole anali wa ku Sheffield, ndipo zitsulo zake zina zili ndi chithunzi cha mbewa. Brooks nayenso ndi wa ku England. Mukaona chiwombankhanga, chimenecho ndi cha Fisher wa ku Amereka.

Chachinayi, onani manambala atatu a kulemera kwake. Loyamba muchulukitse ndi mapaundi 112, lachiwiri ndi 28, ndipo lachitatu ndi mapaundi chabe. Tsono 1 1 10 ndiye 112 ndi 28 ndi 10, pamodzi mapaundi 150, kapena makilogalamu 68. Nambala yapakati siipitirira 3. Aphunzitsi, nayi samu yabwino ya ana anu.

Chachisanu, dziwani mtundu wake. Chitsulo cha nyanga imodzi, chokhala ndi bowo la ngodya zinayi ndi lina lozungulira kumchira, chimatchedwa cha mtundu wa London. Mukaona timabowo m'chiuno mwake, dziwani kuti chinachita kusulidwa, pakuti m'menemo ndimo ankachigwirira chili cha moto. Mukaona mzere ngati msoko, chinachita kuthiridwa m'chikombole.

Potsiriza, chiyeseni. Gogodani pang'ono ndi nyundo pamwamba pake ponse. Chabwino chimabweza nyundo ndipo chimalira ngati belu. Pamene pakumveka phu! pali mng'alu, kapena chitsulo cholimba chapamwamba chayamba kumatuka. Cha Fisher sichilira kwambiri ngakhale chili chabwino, choncho dalirani kudumpha kwa nyundo.

Musachipale pamwamba ndi makina, chifukwa chitsulo cholimbacho n'chopyapyala. Musachiike pa moto, chingafewe. Chikhazikeni pa chitsa cholimba ndi kuchipaka mafuta nthawi ya dzinja.

Wogula zitsulo zakutha adzakupatsani ndalama kamodzi kokha. Koma chitsulo chimenechi chikakhala m'chipala, makasu, nkhwangwa ndi zitsulo za ngolo zidzakonzedwa pamudzi pomwepo chaka ndi chaka, ndipo adzukulu anu adzasuliraponso.