Charles Martel: Nduna Imene Inalamula Popanda Mfumu

Tikamayendera ophunzira athu pa nthawi yoyeserera kuphunzitsa, timaona kuti phunziro la Charles Martel limathera pa chaka chimodzi: 732. Mphunzitsi alemba chakacho pabolodi, ana achiloweza, belu nʼkulira. Nʼzoona kuti mʼchaka chimenecho Charles anagonjetsa ankhondo achisilamu ochokera ku Spain pakati pa mizinda ya Tours ndi Poitiers. Koma mwana woloweza chaka chokhacho sadziwa kumene munthuyu anatenga mphamvu zake.

Charles sanakhalepo mfumu. Anali nduna yaikulu yoyangʼanira nyumba ya mfumu ya Afulanki, udindo umene unali wa atate ake, Pepin wa ku Herstal. Pepin atamwalira mu 714, mkazi wake Plectrude anatsekera Charles mʼndende ku Cologne, pakuti anali mwana wa mkazi wina, ndipo mayiyo anafuna kuti udindowo ugwere mdzukulu wake. Charles anathawa, nasonkhanitsa ankhondo, napambana pa Vincy mu 717, ndipo Plectrude anagonja.

Apa mʼpofunika kufatsa pophunzitsa. Kodi ankhondowo ankamtsatiranji? Chuma chenicheni masiku amenewo chinali nthaka. Charles ankagawira omtsatira minda, ina yotengedwa ku matchalitchi ndi ku nyumba za amonke, iwo namtumikira pa nkhondo. Olemba a mpingo a mibadwo yotsatira sanamkhululukire, ngakhale kuti iye yemweyo anateteza Boniface polalikira pakati pa Ajeremani. Mfumu Theuderic IV itamwalira mu 737, Charles sanalonge ina. Mpando unakhala wopanda munthu kufikira iye atamwalira mu 741, dziko likuyendabe.

Mʼkalasi yesani izi. Khazikani mwana mmodzi pampando wa mphunzitsi, akhale mfumu. Wina mumʼpatse timapepala toimira minda, akhale nduna. Uzani enawo kuti adani ayandikira, ndipo aliyense aime pambuyo pa yemwe afuna kumʼmenyera nkhondo. Musawayankhire, ambiri a ife timafulumira pamenepa, poopa phokoso. Akaima, afunseni mmodzimmodzi chifukwa chake. Mukatero mʼpamene muwauze kuti mu 751 mwana wa Charles, Pepin Wamfupi, anachotsa mfumu Childeric III nakhala pampando iye mwini, ndi kuti mwana wa Pepinyo ndiye Charlemagne.