Batire Laling'ono la ku Buti

Prius yanga ya 2012 ndinaigula mu August 2022 kwa munthu wina wa ku Bradford, ndipo kwa miyezi itatu ndinkaitama ngati mwana wobadwa yekha. Chilimwe chimenecho lita imodzi ya petulo inali itadutsa £1.90. Ife a ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo timakhalira pamsewu: khomo ili mphindi 30, khomo linalo mphindi 45, kukwera ndi kutsetsereka m'zitunda za West Yorkshire kuyambira m'bandakucha. Anzanga ankadandaula za mafuta, ine n'kumangomwetulira. Galimoto ikatsetsereka, injini inkazima yokha, ikuyendera magetsi, zii ngati mphaka.

Nyengo nayonso inandinyenga. Kumudzi ankatiopseza kuti ku Mangalande kumazizira mpaka makutu kuthothoka, koma chaka chimenecho ndi chimene dzikoli linaona kutentha kodutsa madigiri 40 koyamba, mu July, ku Coningsby. November anadutsa ndi kamvula kowaza, kofunda. Ndinauza amayi pafoni kuti chisanu cha kuno sichiposa cha ku Dedza mu June. Anaseka, n'kunena kuti ndisafulumire kutukwana ng'ona ndisanaoloke.

Sabata yachiwiri ya December kunasintha ngati munthu watsegula chitseko cha filiji. Mphepo inachokera kumpoto, usiku thambo lili mbee, m'mawa udzu wauma gwa ngati waya. Pa 11 December sinowo inagwa mpaka ndege zinaima ku Stansted ndi Gatwick, ndipo patangopita masiku awiri ku Braemar, ku Scotland, kunafika pa madigiri 17.3 pansi pa ziro. Apa ndi pamene Prius inayamba kundikhumudwitsa. Ndikayatsa hita, injini inkangolira osapuma, ngakhale nditaima. Kutentha kwa m'galimoto ngati imeneyi kumachokera ku madzi a injini, ndiye kuti uothe, injiniyo iyenera kudya petulo. Manambala amene ndinkanyadira aja anayamba kutsika.

Ndiye ndinapeza nzeru, yomwe ndinkaiyesa nzeru. Pakati pa makomo pamakhala mpata, nthawi zina ola lathunthu, ndipo sungabwerere kunyumba. Ndinkaimika galimoto, kuizimitsa, kenako kudina batani kawiri phazi lili kutali ndi buleki. Ukatero magetsi a padashibodi amayaka, wailesi imalira, fani imapemerera kamphepo kotsala kofunda, foni imatchajika, koma injini siilira. Ndinkakhala momwemo n'kumadya mpunga wa m'kontena, n'kumaonera makanema a kumudzi pa Facebook. Mumtima ndinkati, galimoto yonyamula batire lalikulu chonchi, lotha kukoka matayala, wailesi ingalithe?

Safunsa anadya phula. Hayiburidi ngati Prius ili ndi mabatire awiri. Lalikulu lija, la mavoti opitirira 200, limakhala lodulidwa kotheratu galimoto ikazima. Limene limadzutsa makompyuta ndi kulumikiza lalikululo ndi kabatire wamba ka mavoti 12, kamene mu Prius ya zaka zimenezo kamabisala ku buti, pakona ya kumanja. Kabatireka kamalandira moto pokhapokha padashibodi patayaka mawu obiriwira akuti READY. Wailesi, fani ndi foni yanga zinkayamwa kameneka, osabwezera. Kanali kokalamba kale, sindinafunsenso pogula kuti kanasinthidwa liti, ndipo chisanu chimafooketsa batire lililonse la mtundu umenewu. Galimoto wamba imakuchenjezako, sitata imakoka mwaulesi masiku angapo. Hayiburidi ilibe sitata yoteroyo. Yanga inkayaka bwinobwino mpaka m'mawa umene inafa.

M'mawa umenewo ndinatuluka 6:20, kuli mdima. Ndinagwira chitseko, osatseguka. Ndinadina rimoti, zii. Ndinakumbuka kuti m'kati mwa rimoti muli kakiyi kachitsulo, ndipo zala zitachita dzanzi ndinakasolola n'kutsegula. Nditaponda buleki ndi kudina batani, magetsi anaphethira, kenako mdima. Ganizo loyamba linali la kwathu: kudzutsa anyamata a nyumba yoyandikana kuti akankhe, monga timachitira ndi minibasi pa depoti. Koma galimotoyi siyaka ndi kukankha, ndipo popanda magetsi giya yake sichoka pa P. Inangokhala ngati mwala. Buti nayo imatsegukira magetsi, ndiye ngakhale batirelo sindikanalifikira.

Ndinaimbira alamu anga, amene akhala kuno zaka 15 ndipo anayendetsapo takisi.

"Alamu, pepani kukudzutsani. Galimoto yafa."

"Yafa bwanji? Mwawomba?"

"Ayi, sikuyaka. Mwina batire lalikulu lija latha." Mawu anga ankanjenjemera, chifukwa ndinkawerengera kale ndalama zake.

"Inu alamu, mumakhala m'galimoto n'kumamvera wailesi?"

Ndinangoti chete.

"Ndikubwera. Tsegulani boneti, mupeze bokosi lakuda la mafiyuzi. Muli kachivindikiro kofiira m'menemo. Musakhudze chingwe chilichonse cha mtundu wa lalanje."

Anafika 7:40, chifukwa nawonso anayamba apala ayezi pagalasi, ndipo msewu wotsikira kwathu unali woterera. Kujampako sikunatenge mphindi ziwiri. Chingwe chofiira pakachitsulo ka m'bokosi muja, chakuda pachitsulo cha injini, ine kudina batani, READY n'kuyaka. Zinandipsetsa mtima kuti chinthu chondigwetsa thukuta m'chisanu chinali chochepa chonchi.

Koma khomo langa loyamba linali la 7 koloko. Agogo a zaka 88, okhala okha, amene sadzuka pabedi popanda wowagwira mkono. Ku ofesi ndinaimba msanga, koma tsiku ngati limenelo aliyense anali wochedwa. Nditatsegula ndi kiyi wa m'kabokosi ka pakhoma cha m'ma 8:15, ndinawapeza atakhala pansi pakati pa bedi ndi chitseko, atavala diresi logonera lokha. Anadikira, kenako anayesa okha kupita kuchimbudzi. Hita ya m'nyumba anali ataizimitsa usiku poopa bilu ya gasi, monga ankachitira okalamba ambiri chaka chimenecho. Mapazi awo anali ozizira ngati botolo la m'filiji. Sanathyoke paliponse, a ambulansi anatsimikiza, koma anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndinawaiwala. Petulo yense amene ndinapulumutsa masiku aja sakanakwana £10.

Kwathu masiku ano ma Aqua ndi ma Prius ochokera ku Japan adzaza m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, ndipo ndikapitako ndimaona oyendetsa akudikira makasitomala kapena ali pamzere wa mafuta, wailesi ikuphulika, galimoto itazima. Kabatire ndi komweko, kungoti kuno chisanu chimafulumizitsa mlandu. Ngati mukhala m'galimoto yotere, isiyeni pa READY, giya pa P, panja osati m'galaja yotseka, chifukwa injini imadziyatsa yokha ndipo utsi wake umapha. Ikakhala masiku osayenda, a Toyota eni ake amalangiza kuiyatsa motero kwa ola limodzi pa sabata. Ndipo batire likadutsa zaka zinayi kapena zisanu, kaliyezetseni chisanu chisanafike, osati chitafika.

Ine ndinagula latsopano Loweruka lomwelo, pamodzi ndi kamakina kojampira kokwana m'thumba la jekete. Kamagona m'nyumba, osati m'buti. Pa 19 December chisanu chinatha usiku umodzi, kukufunda ngati palibe chinachitika, madzi ali chuu m'misewu. Agogo aja anandilandira atakhala pampando, bulangete pamiyendo, ndipo ndisanavule n'komwe jekete anatukula dzanja n'kuyang'ana wotchi.