Phunziro: Kuchepetsa zithunzi za kumunda tisanatumize kwa alangizi

Cholinga: Kupulumutsa bandulo, koma chithunzi chizionekabe bwino.

Kuno ku Nchenachena tikamayendera munda wa sukulu, timajambula ntchemberezandonda pa chimanga komanso matenda a masamba a khofi. Chithunzi chimodzi chimatha kufika 4 MB, choncho zithunzi 20 ndi 80 MB. Netiweki ikafooka, zimakanirira osapita, mbozi zikudya mbewu.

Zoyenera kuchita:
1. Sankhani zithunzi zooneka bwino zokha.
2. Tsegulani pulogalamu monga Photo & Picture Resizer ya pa Play Store, n'kusankha zonse nthawi imodzi.
3. Ikani mulifupi wa mapikiselo 1280. Chilichonse chimatsika kufika pafupifupi 300 KB, zonse pamodzi 6 MB basi.
4. Potumiza pa WhatsApp musadine HD.

Chenjezo: Musachepetse mopyola muyeso. Alangizi amazindikira ntchemberezandonda poona chilembo cha Y chozondoka pamutu ndi madontho 4 akuda kumchira. Ngati izi sizikuoneka, jambulaninso chapafupi. Musafute zithunzi zoyambirira alangizi asanayankhe.

Tikambirane: Ndani m'gulu lathu azisonkhanitsa zithunzi sabata iliyonse?