Thiredo pampu: kuthirira dimba la ndiwo zamasamba m'chilimwe

Uthenga kwa alimi a m'boma la Kasungu

Seputembala akalowa, ndalama za fodya zomwe tinalandira ku Chinkhoma zimakhala zitayamba kuchepa m'thumba. Mfutso watsala pang'ono m'chikwatu, ndiwo zakuthengo zauma, ndipo pamsika mpukutu wa repu wakwera mtengo. Nthawi yomweyo nazale ya fodya ikufuna madzi m'mawa ndi madzulo. Mabanja ambiri amasiya dimba la ndiwo pa nyengo imeneyi chifukwa manja omwewo sangakwanitse kunyamula makheni a kunazale ndi a kudimba.

Kapepala aka kakufotokoza za thiredo pampu, makina okoka madzi popalasa ndi miyendo, omwe angakuchepetsereni ntchito yothirira kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa.

Kodi thiredo pampu n'chiyani?

Ndi pampu yomwe munthu amaimapo n'kumaponda zopondera ziwiri mosinthanasinthana, ngati akukwera chitunda pang'onopang'ono. Siifuna petulo, dizilo kapena magetsi. Mphamvu zake zimachokera m'miyendo, yomwe imapirira ntchito nthawi yaitali kuposa manja.

Pampuyi inayambira ku Bangladesh cha m'ma 1980, komwe inathandiza alimi a minda ing'onoing'ono. Kuno kwathu inafala kwambiri m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, boma ndi mabungwe monga Total LandCare atayamba kulimbikitsa ulimi wamthirira pambuyo pa njala ya 2001 ndi 2002, yomwe anthu a ku Kasungu sanaiwale. Mtundu wina wodziwika ndi wa MoneyMaker, wopangidwa ndi bungwe la KickStart.

Pali mitundu iwiri. Wina umangokweza madzi kuchokera m'chitsime n'kuwakhuthulira mu ngalande pomwepo, moti pampu iyenera kukhala pamwamba kuposa mabedi. Wina umakankha madzi ndi mphamvu kudutsa m'paipi, moti amatha kukwera mtunda n'kufika patali. Pa dimba la pakhomo, mtundu wachiwiriwu ndiwo wabwino, chifukwa nthawi zambiri chitsime chimakhala kumunsi, mabedi ali kumtunda.

Ziwalo zake

- Masilinda awiri, momwe madzi amalowa.
- Mapisitoni awiri okhala ndi marabala, omwe amakwera ndi kutsika m'masilindamo.
- Zopondera ziwiri ndi chogwirira.
- Chingwe kapena tcheni chodutsa pa kagudumu, chomwe chimakweza chopondera china pamene chinzake chikutsika.
- Mavavu, omwe amalola madzi kupita mbali imodzi yokha.
- Paipi yokokera madzi, yolimba, yokhala ndi sefa kumapeto kwake.
- Paipi yotulutsira madzi, yopita kumabedi.

Pisitoni ikamakwera imakoka madzi kulowa mu silinda. Ikamatsika, vavu yakumunsi imatseka ndipo madzi amakankhidwira m'paipi yotulutsira. Popeza masilinda ndi awiri, ina ikamakoka inzake ikukankha, choncho madzi amatuluka mosadukiza.

Imachepetsa ntchito bwanji?

Mu Okutobala, dzuwa likafika poswa mtengo, malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi amafuna madzi okwana malita 5 kapena 6 pa tsiku. Dimba la mamita 10 mbali zonse lifuna malita 500 mpaka 600. Amenewa ndi makheni 50 mpaka 60 a malita 10, tsiku lililonse, kuchoka kuchitsime kupita kumabedi.

Pampu yabwino, pomwe madzi sali akuya kwambiri, imatulutsa pakati pa theka la lita ndi lita imodzi pa sekondi. Ngakhale titawerengera theka la lita lokha, malita 600 aja atuluka m'mphindi 20. Nthawi yotsalayo mutha kuthirira nazale ya fodya ndi pampu yomweyo, kapena kukulitsa dimba.

Musanagule, yezani zinthu zitatu

Pampu siipanga madzi. Imangokweza madzi omwe alipo kale. Ambiri omwe anagwiritsidwa mwala ndi makinawa anagula asanaone bwino chitsime chawo.

1. Kuya kwa madzi. Mangani mwala kuchingwe, muutsitse mpaka ukhudze madzi, kenako muyeze chingwecho. Opanga amati pampu imakoka mpaka mamita 7, koma kuno ku Kasungu tili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kumalo okwera chotere mphamvu yokoka imachepa. Madzi akakhala pansi kuposa mamita 6, kupalasa kumalemera ndipo otuluka amakhala ochepa. Yezani mu Okutobala kapena Novembala, madzi atatsikiratu. Muyeso wa mu Juni ungakunamizeni.

2. Kubwerera kwa madzi. Kapani chitsime ndi ndowa mpaka madzi atsike, muike chizindikiro, muone kuti atenga nthawi yotani kuti abwerere. Chitsime chomwe chimatenga tsiku lonse kuti chidzadze sichingadyetse dimba lalikulu. Mungachikulitse m'mimba kuti chizisunga madzi ambiri usiku.

3. Zipangizo zosinthira. Funsani wogulitsa ngati ali ndi marabala a mapisitoni ndi mavavu a mtundu womwewo. Mapampu ambiri omwe anagawidwa kale ali m'nkhokwe ndi m'makhonde akuchita dzimbiri chifukwa chosowa karabala kamodzi. Gulani marabala apadera tsiku lomwe mukugula pampu.

Malo omwe pampuyi imagwira bwino ndi m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje monga Bua, Dwangwa, Rusa ndi Lingadzi, komanso pakhomo pomwe pali chitsime chosaya. Ngati mukutunga mumtsinje, musalime mpaka m'gombe. Siyani udzu, bango ndi mitengo kuti nthaka isakokoloke. Paipi ndiyo ipite kumtsinje, dimba likhale patali. Musalumikize pampuyi ku mjigo wa m'mudzi.

Kutchera pampu

1. Salazani malo pafupi ndi chitsime. Ikani pampu pa matabwa kapena pa nthaka yolimba kuti isagwedezeke.
2. Paipi yokokera ikhale yaifupi ndi yosapindika. Ndi bwino pampu kukhala pafupi ndi madzi, paipi yotulutsira ndiyo italike.
3. Sefa imire m'madzi koma isagone pamatope. Imangirireni ku mtengo, kapena muiike m'ndowa yakale yoboolaboola n'kuimiza.
4. Mangani polumikizira paliponse ndi mphira wa chubu cha njinga, mokoka kwambiri. Kabowo kochepa kolowetsa mpweya n'kokwanira kulepheretsa pampu yonse.
5. Thirani madzi oyera m'masilinda kuti marabala anyowe ndi kugwira bwino.
6. Yambani kupalasa mofulumira pang'ono mpaka madzi atuluke, kenako bwererani pa liwiro loyenda nalo ulendo.

Kapalasidwe kake

Pondani mpaka pansi koma osamenyetsa chopondera. Kuponda modekha, mokwanira, kumatulutsa madzi ambiri kuposa kupondaponda mwaphuma. Munthu wopepuka thupi aime chakumapeto kwa zopondera, kutali ndi pomwe zamangidwira, kuti zimupepukire. Ntchitoyi imakoma anthu awiri: wina akupalasa, wina akuyendetsa paipi m'mabedi, n'kumasinthana pakatha mphindi 20 kapena 30. Abambo, amayi ndi achinyamata onse angathe. Ana aang'ono asasewere pafupi, chifukwa zopondera zimapana zala.

Thirirani m'mawa dzuwa lisanakwere, kapena madzulo. Madzi alunjike pansi pa mbewu, osati pamasamba, makamaka pa tomato. Kumapeto kwa paipi ikani kaudzu kapena chiguduli kuti madzi asakumbe bedi.

Konzani dimba kuti madzi asatayike

M'chilimwe pangani mabedi olowa pansi, a mita imodzi m'lifupi, okhala ndi timizere m'mbali totchinga madzi. Mabedi okwera ndi a nthawi ya dzinja. Dothi lambiri la kuno ndi lamchenga ndipo limamwa madzi msanga, choncho sakanizani manyowa owola bwino kapena kompositi, ndowa imodzi pa mita iliyonse ya bedi. Mukawokera, phimbirani ndi udzu wouma wopanda njere kapena makoko a mtedza. Bedi lophimbira limasunga chinyezi nthawi yaitali. Kuti mudziwe ngati pakufunika madzi, pisani chala m'dothi: ngati pansi pali ponyowa, dikirani. Mpanda wa udzu kapena mapesi umatchinga mbuzi, nkhuku ndi mphepo youmitsa nthaka.

Zobzala m'chilimwe

Bonongwe amakonda kutentha ndipo mumayamba kuthyola pakangotha masabata 3 kapena 4. Therere lobala, nkhwani, khwanya ndi luni nazonso zimachita bwino. Repu amapirira ngati madzi sakusowa. Mpiru ndi chayinizi zimathamangira kuchita maluwa kukatentha kwambiri, choncho muzibzale pang'onopang'ono ndi kuzithyola msanga. Mbande za repu ndi tomato zimawokeredwa zikatha pafupifupi masabata 4 pa nazale, ndipo wokerani madzulo.

Musabzale dimba lonse tsiku limodzi. Fesani bedi latsopano pakatha masabata awiri aliwonse kuti ndiwo zisathe pakhomo, ndiponso kuti musapite nazo zonse pamsika tsiku limodzi. Banja liyambe ladya, zotsala ndizo zipite ku Kasungu boma, Santhe, Chatoloma, Nkhamenya kapena Mtunthama. Ndiwo zamasamba ndi gulu limodzi mwa magulu 6 a zakudya omwe a zaumoyo amatilangiza kudya tsiku lililonse.

Chenjezo kwa alimi a fodya

Tomato, mabiringanya, tsabola ndi mbatata ya kachewere ndi za banja limodzi ndi fodya, ndipo zimagwidwa ndi matenda ofanana. Musazibzale pomwe panali nazale ya fodya chaka chatha, ndipo musafese fodya pomwe panali tomato. Tinyongolotsi ta m'nthaka totupitsa mizu timasamuka kuchoka ku mbewu ina kupita ku inzake. Therere lobala nalonso limagwidwa kwambiri ndi tinyongolotsiti. Matenda ochititsa mawanga ndi kukwinyika kwa masamba amayenda ndi manja, choncho sambani ndi sopo mukachoka ku fodya musanagwire tomato, ndipo musasute kapena kufwenkha fodya m'dimba. Mapesi a fodya asakhale chophimbira mabedi a tomato.

Mankhwala a fodya si a ndiwo. Nsabwe za m'masamba, akangaude ofiira kapena mbozi yoboola masamba ndi zipatso za tomato zikabuka, funsani alangizi mankhwala oyenera ndi masiku oyembekezera musanathyole. Musasungunulire mankhwala pafupi ndi chitsime, ndipo paipi ya pampu isalowe m'chigubu cha mankhwala.

Ikavuta, onani apa

- Madzi sakutuluka: mpweya ukulowa polumikizira, kapena sefa yatuluka m'madzi. Mangani mphira mwatsopano, thiraninso madzi m'masilinda.
- Zopondera zapepuka koma madzi ndi ochepa: marabala atha, kapena kamwala katsakamira pa vavu. Tsegulani, tsukani, sinthani rabala ngati yang'ambika.
- Zopondera zalemera kwambiri: sefa yatsekeka ndi zinyalala, paipi yapindika, kapena madzi atsika kwambiri m'chitsime.
- Madzi akubwerera mukangoima: vavu siikutseka bwino.
- Chopondera china chikugunda pansi: chingwe chatamuka. Chikokeni kuti zopondera zifanane.

Kasamalidwe

Mchenga ndiye amadya marabala ndi masilinda. Mukamaliza kuthirira, palasani madzi oyera pang'ono kuti atsuke m'kati. Musathire girisi kapena oyilo m'masilinda, chifukwa amaononga marabala. Madzi omwewo ndi okwanira kufewetsa. Oyilo pang'ono apite pa kagudumu ndi pomwe zopondera zimazungulira basi. Mapaipi musawasiye padzuwa, akulungeni n'kuwaika pamthunzi, ndipo musawakoke pamiyala. Pampu ndi yonyamulika, choncho igone m'nyumba kuopa akuba. Mvula ikayamba, itsukeni, iumitseni, chotsani marabala muwasunge m'kachitini kotseka komwe makoswe sangafike.

Vindikirani chitsime ndi matabwa olimba kuti ana ndi ziweto asagweremo. Musalole madzi kudikha m'dimba, chifukwa m'zithaphwi ndimo mumaswana udzudzu.

Kapezedwe kake

Funsani m'masitolo a zipangizo zaulimi ku Kasungu kapena ku Lilongwe. Mitengo imasinthasintha, choncho funsani malo angapo, ndipo muonetsetse ngati mtengowo ukuphatikiza mapaipi. Pampu imodzi ndi yokwanira mabanja 3 kapena 4 omwe madimba awo ndi oyandikana. Mungasonkherane, kapena kubwereka ku banki m'khonde. Gwirizanani poyamba za masiku a aliyense, za yemwe azisunga pampu, ndi za kandalama kapamwezi kogulira marabala, ndipo zonsezi zilembedwe m'kope. Ngati m'mudzi mwanu muli pampu yakale yomwe inangosiyidwa, ipititseni kwa mmisiri aione, chifukwa nthawi zambiri chofunika ndi marabala ndi chingwe basi.

Musanatulutse ndalama, kaoneni mlimi mnzanu yemwe ali nayo kale, mupalaseko nokha. Kenako pitani kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu, kaya ndi ku Chamama, Chulu, Kaluluma, Chipala, Lisasadzi kapena Santhe, muwapemphe abwere adzayeze nanu chitsime.