Phunziro: Kuwamba Nthiti za Nkhumba pa Moto Wodekha

Kuno kwa Nyalugwe, m'chigwa cha Luangwa, kuwamba nsomba si chinthu chachilendo. Koma nthiti za nkhumba zimafuna luso lina, pakuti moto waukali umapsereza kunja m'kati mudakali mwazi.

Chifukwa chodekhera

Nthiti zili ndi mitsempha yolimba imene imasungunuka pang'onopang'ono. Zikakhala maola 5 kapena 6 pa kutentha kwa madigiri 110 mpaka 120, mnofu umafewa nuyamba kulekana ndi fupa.

Moto umamvera mpweya

Kumayiko ena owamba nyama ali ndi kachipangizo koyeza kutentha, kolumikizidwa ku kafani kakang'ono. Moto ukafooka, kafaniko kamauzira makala. Ukafika pa muyezo, kamaleka. Ntchito yomweyo mlimi angaigwire ndi manja ake.

1. Pezani mgolo wa malita 200 umene sunasungepo mankhwala. Boolani bowo limodzi m'munsi, lina pachivundikiro.
2. Sonkhani makala pansi, ndi kuikapo zidutswa ziwiri za tsanya wouma. Nkhadze ndi matabwa opaka penti ndi poizoni.
3. Thirani mchere panthiti, muziike pawaya kumtunda, kutali ndi malawi.
4. Kutentha kukakwera, chepetsani bowo la m'munsi ndi kalata, kukatsika, likulitseni. Dikirani mphindi 15 musanasinthenso.
5. Musavundukule kawirikawiri. Utsi wabwino ndi wopyapyala. Wochindikala, woyera, umawawitsa nyama.

Chenjezo

M'maboma a Petauke ndi Nyimba nkhumba zambiri zimayenda momasuka, ndipo zina zimakhala ndi timatuza toyera tonga mpunga mumnofu, timene ambiri amati masese. Utsi umakometsa nyama, koma chimene chimapha timatuzati ndi kutentha kofika m'kati. Wodya nyama yotere yosapsa amagwidwa njoka ya m'mimba, ndipo mazira a njokayo, akalowa m'thupi la munthu kudzera m'chakudya kapena m'manja osasamba, angathe kuyambitsa khunyu. Choncho nyama ya masese musaiwambe kapena kuigulitsa. Yabwinoyo muiyeze pamnofu wochindikala ndi choyezera kutentha: isachoke pamoto isanafike madigiri 71, ndipo imafewa bwino ikayandikira 90.

Kumbukiraninso kuti nthiti zowamba motere si nyama youmitsa yosunga. Zidyedwe kapena kugulitsidwa tsiku lomwelo.