Pakhonde pa Azakhali: Asisita akukana kundisayinira

Azakhali,

Ndine mtsikana wophunzira unamwino, chaka chachitatu. Anzanga anawatumiza ku pulakitiko ku Kamuzu Central ndi ku Queens, koma ine anandiponya pa chipatala china kuno ku Ntcheu. Asisita ondiyang'anira ndi ovuta zedi. Ndikayeza BP amati ndibwereze, lipoti langa amalikhwatcha ndi bolopeni yofiira, ndipo akuti sasayina buku langa mpaka atandiona ndikuika kanula. Kodi ndipemphe kusamuka?

Wotopa, Ntcheu

Mwana wa achimwene,

Tanena zoona, chikukuwawa ndi asisitawo kapena kamnyamata kamene unakasiya ku Lilongwe? Imvi zili m'mutu mwangazi si ufa wa pachigayo ayi.

Anzako ukuwasirirawo akupanikizana pa bedi limodzi ndi ophunzira udokotala a ku KUHeS, ndipo wamfupi ngati iwe amangoona misana ya anzake. Pamene uli iwepo manja ndi ochepa, ndiye ako akufunika. Msewu wa M1 wadutsa pakhomo panu. Minibasi ikagubuduzika cha ku Bawi kapena ku Lizulu, ovulala amayamba afika m'manja mwanu asanawatumize ku Central. Dzinja likafika, amayi a ku Kasinje ndi kuchigwa cha Bwanje amabwera ndi ana okomoka ndi malungo. Pamenepo m'pamene udzaphunzire kuona pa mzere mwana woyenera kulowa msanga, kumuyeza shuga, ndi kumuika pa sikelo musanatunge artesunate, poti mlingo wake umatengera kulemera kwa mwanayo.

Za kusayinazo, usawaone ngati ankhanza. Akasayina ndiye kuti alumbira kuti manja akowo akhoza kugwira munthu. A Nurses and Midwives Council of Malawi akadzakupatsa chiphaso, palibe adzaimenso pambuyo pako. Woopsa ndi amene amasayina buku lonse ali pa foni, osadzutsa n'komwe mutu. Ameneyo ukamupeza, muthawe.

Ndiye mawa ulawire, ulandire lipoti la a naiti uli ndi kabuku m'thumba, ndipo wodwala wofunika kanula akapezeka, ukawagwadire: “Asisita, bwerani mudzandione.” Safunsa anadya phula. Koma usiku ukatsala wekha mu wodi, chimene sanakuonetse usachiyese pa mwana wa eni. Ukawadzutse ngakhale akuyang'ane ndi diso lofiira. Akayamba kukutukwana pamaso pa odwala, imeneyo ndi nkhani ina: ukawauze aphunzitsi anu akabwera kudzakuyenderani, kapena a metiloni.

Kusamuka iwalako. Gula juzi yokhuthala, chifukwa mphepo ya mu June ku Ntcheu sisamala kuti yunifomu yako ndi yokongola. Ndipo pobwera ku holide unditengereko ndowa ya kachewere wa ku Tsangano, malangizo anga si aulere.

Ndine Azakhali ako