Momwe magetsi amaumbira chikombole cha mbale za nyimbo

Woimba akatulutsa nyimbo zatsopano timati watulutsa chimbale, ngakhale nyimbozo zili pa foni basi. Mawuwa anachokera ku mbale zenizeni, zakuda, zozungulira, zomwe agogo athu ankaika pa galamafoni n'kutsitsirapo singano. Mbale zotere zikupangidwabe mpaka lero, ndipo kapangidwe kake kali ndi phunziro lomwe ambiri a inu mumalitenga ngati la pa bolodi chabe: electrolysis.

Funso lathu ndi ili. Woimba amaimba kamodzi, ndipo mbale yoyamba imalembedwa imodzi yokha. Nanga mbale zikwizikwi zofanana ndendende zimachokera kuti?

Mawu amakhala m'kangalande

Mukayang'anitsitsa mbale muona timizere tambirimbiri. Kunena zoona ndi kangalande kamodzi kokha mbali iliyonse, kamene kamayambira m'mphepete n'kumazungulira mpaka pafupi ndi pakati. Kukula kwake n'kofanana ndi tsitsi limodzi la m'mutu. Kangalandeka sikowongoka, kamakhotakhota motsatira kunjenjemera kwa mawu. Singano ikamadutsamo imanjenjemera chimodzimodzi, ndipo makina amasandutsa kunjenjemerako kukhala nyimbo.

Tiwerengere limodzi kutalika kwake. Mbale yaikulu, yomwe kampani ya Columbia inayambitsa mu 1948, imazungulira ka 33⅓ pa mphindi. Ngati mbali imodzi ikuimba mphindi 20, ndiye kuti yazungulira pafupifupi ka 667. Kuzungulira kumodzi, tikatenga pakatikati, ndi masentimita pafupifupi 65. Chulukitsani: mupeza mamita opitirira 400. Ndiye kuti ntchito imene ilipo ndi kukopera kangalande kotalika kuposa mabwalo anayi a mpira, kopyapyala ngati tsitsi, osaphonya ngakhale kokhota kamodzi.

Kalekale vutoli linali lalikulu. Thomas Edison anapanga makina ojambula mawu mu 1877, ndipo m'zaka zoyambirira za malonda a nyimbo oimba ankabwereza nyimbo imodzimodziyo kambirimbiri patsogolo pa makina angapo kuti papezeke zogulitsa zokwanira. Emile Berliner, amene anabweretsa galamafoni ya mbale zafulati mu 1887, anatsata njira ina: kupanga chikombole chachitsulo n'kumadinda nacho.

Woumba njerwa aliyense amaidziwa nzeru imeneyi. Chikombole chimodzi, njerwa zambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti chikombole cha njerwa amachikhoma kalipentala, pomwe palibe mmisiri amene angaseme ndi manja kangalande kakang'ono chonchi. Chikombolechi chimamera chokha m'madzi, atomu ndi atomu, mothandizidwa ndi magetsi.

Gawo loyamba: kulemba mbale yoyamba

Mbale yoyamba imatchedwa lacquer. Mkati mwake ndi aluminiyamu, pamwamba pake anapakapo utoto wofewa wa nitrocellulose, wachibale wa utoto umene anthu amapaka m'zikhadabo. Amaiika pa makina olembera, ndipo kansonga kolimba ka mwala wa sapphire, kotenthetsedwa pang'ono, kamasema kangalande uku kakunjenjemera motsatira nyimbo. Mbale yogulitsa ikakhala ya mainchi 12, lacquer yake imakhala ya mainchi 14, kuti pakhale malo ogwira ndi omangira m'mphepete. Mbali iliyonse ya chimbale imafuna lacquer yakeyake.

Lacquer ndi yofewa kwambiri moti simungadinde nayo kanthu. Siichedwanso kusintha ikakhala pamalo otentha, choncho amathamangira nayo ku gawo lotsatira masiku asanapite.

Gawo lachiwiri: kuiveka siliva

Apa pali chopinga. Kuti chinthu chikutidwe ndi chitsulo pogwiritsa ntchito magetsi, chiyenera kukhala chodutsa magetsi. Utoto wa lacquer sudutsa magetsi. Ndiye atani?

Poyamba amaitsuka bwinobwino. Kenako amaithira mankhwala a tin chloride, amene amathandiza kuti siliva agwire. Akatero amaipopera mankhwala awiri nthawi imodzi: a silver nitrate ndi ena opereka maelekitironi. Awiriwa akakumana pa mbalepo, ma-ion a siliva amalandira maelekitironi n'kusanduka siliva weniweni. Pakamphindi kochepa mbale yakuda ija imawala ngati galasi loyang'anira nkhope, ndipo magalasi ambiri amapangidwadi mwa njira yofanana ndi imeneyi. Siliva ameneyu ndi wopyapyala zedi, moti amalowa m'makona onse a kangalande osakakwirira.

Akale, pomwe mbale yoyamba inali ya phula, ankaiwaza ufa wa graphite, womwe uja wa m'pensulo, popeza nawonso umadutsa magetsi.

Gawo lachitatu: nickel amera m'bafa

Tsopano tafika pa phunziro la m'kalasi lija. Pali thanki lodzaza ndi madzi obiriwira a nickel sulfamate, omwe ndi electrolyte yathu. Mbale yasiliva ija amailumikiza ku mbali ya negative, ndiye kuti ndi cathode. Ku mbali ya positive, ku anode, kuli dengu la titanium lodzaza ndi timibulu ta nickel. Akayatsa magetsi oyenda njira imodzi, a DC, zinthu ziwiri zimachitika nthawi imodzi.

Ku anode, nickel amataya maelekitironi n'kusungunukira m'madzi:

Ni → Ni²⁺ + 2e⁻

Ku cathode, ma-ion a nickel amalandira maelekitironi n'kukhala chitsulo pamwamba pa siliva:

Ni²⁺ + 2e⁻ → Ni

Taonani: nickel amene akuchoka m'madzi ku cathode akubwezeredwa ndi amene akusungunuka ku anode. N'chifukwa chake madziwo satha mphamvu msanga, koma timibulu ta m'dengu ndi timene timachepa.

Amisiri sayamba ndi magetsi ambiri. Amayamba pang'onopang'ono, madzi asanatenthe kwambiri, chifukwa kutentha kukhoza kupotoza lacquer yofewa ija, ndipo siliva wopyapyalayo sangapirire magetsi ochuluka. Kachikopa koyamba ka nickel kakagwira, m'pamene amaonjezera magetsi kuti ntchito ifulumire. Mbaleyo imakhala ikuzungulira m'madzimo kuti nickel afike ponseponse mofanana, ndipo madziwo amasefedwa nthawi zonse.

Pali kusiyana kumodzi koti mukugwire bwino. Pa electroplating wamba, monga kukutira supuni ndi siliva, cholinga n'chakuti chitsulo chatsopanocho chikakamire mpaka kalekale. Apa ayi. Tikufuna chitsulocho chikule mpaka kulimba pachokha, kenako tichimatule. Njira imeneyi imatchedwa electroforming, ndipo anaiyambitsa ndi Moritz von Jacobi mu 1838 ku St Petersburg.

Tiwerengere: zitenga nthawi yaitali bwanji?

Michael Faraday anaonetsa m'zaka za m'ma 1830 kuti kuchuluka kwa chitsulo chomera pa cathode kumadalira kuchuluka kwa magetsi amene adutsa. Tiyerekeze kuti tikufuna nickel wochindikala mamilimita 0.2 pa lacquer ya mainchi 14.

Malo a pamwamba pa lacquer yotere ndi pafupifupi 1,000 cm². Kuchindikala kwa mamilimita 0.2 ndi masentimita 0.02. Choncho nickel wofunika ndi 1,000 × 0.02 = 20 cm³.

Nickel wa 1 cm³ amalemera magalamu 8.9, ndiye 20 × 8.9 = magalamu 178.

Mole imodzi ya nickel ndi magalamu 58.7. Gawani 178 ndi 58.7, mupeza ma mole pafupifupi 3.

Atomu iliyonse ya nickel ikufuna maelekitironi awiri, ndiye tikufuna ma mole 6 a maelekitironi. Mole imodzi ya maelekitironi ndi ma coulomb pafupifupi 96,500. Choncho 6 × 96,500 = ma coulomb 579,000.

Tikadutsitsa ma ampere 100, nthawi ndi 579,000 ÷ 100 = masekondi 5,790. Imeneyi ndi ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 36. Samu yomweyi ndi imene imauza mmisiri nthawi yozimitsa magetsi. Akafulumira, chitsulo chikhala chopyapyala n'kung'ambika. Akachedwa, wawononga nickel ndi magetsi.

Bambo, mayi ndi ana

Nickel akakwana, amamumatula pa lacquer mosamala. Siliva uja amapita ndi nickel. Chimene chatulukachi ndi chithunzi chotembenuzika: pomwe panali ngalande tsopano pali mzere wotumphuka, monga m'munda momwe mzere ndi ngalande zimasinthanirana mukalima chaka chotsatira. Amisiri amachitcha bambo. Lacquer nthawi zambiri imawonongeka pomatulapo, choncho nyimbo ija tsopano ili mwa bamboyu.

Bamboyu akhoza kudinda mbale, koma chikombole chimatha. Chimodzi chimadinda mbale pafupifupi 1,000, kenako timizere take timayamba kuperepeseka kapena chimang'aluka. Mukadinda ndi bambo n'kuwonongeka, ndiye kuti muyambirenso kulemba lacquer ina. N'chifukwa chake pa ntchito yaikulu amachita zina.

Bambo amabwerera m'bafa, ulendo uno ngati cathode, ndipo nickel wina amamera pa iye. Chotulukacho ndi mayi. Mayi ali ndi ngalande ngati lacquer ija, moti mukhoza kumuika pa galamafoni n'kumumvetsera. Amisiri amachitadi zimenezi pofufuza zolakwika. Kenako mayi naye amalowa m'bafa, ndipo pa iye pamamera chikombole chenicheni chodindira, chokhala ndi mizere yotumphuka.

Wochenjera afunsa: nickel akamera pa nickel mnzake, samamatirana n'kukhala chitsulo chimodzi? Akanamatiranadi. Pofuna kupewa zimenezi, asanalowetse bambo kapena mayi m'bafa amamupangira kachikopa kopyapyala kwambiri ka oxide pamwamba, kawirikawiri pomuviika m'mankhwala a dichromate. Kachikopako kamalola magetsi kudutsa koma sikalola zitsulo ziwirizo kugwirana kotheratu.

Bambo mmodzi amabala amayi angapo, mayi aliyense amabala zikombole zingapo. Tiyerekeze amayi 10, aliyense zikombole 10, chilichonse mbale 1,000. Zonse pamodzi ndi mbale 100,000 kuchokera pa kulemba kumodzi.

Kudinda

Chikombole amachiboola pakati penipeni, n'kuchidula m'mphepete, n'kuchisalaza kumsana. Bowolo likaphonya pang'ono, mbale imayenda mopendama ndipo nyimbo imamveka ngati woimba akukwera n'kutsika. Zikombole ziwiri zimamangidwa pa makina, china pamwamba china pansi. Pakati amaikapo chibumi cha pulasitiki ya PVC yotentha, pamodzi ndi mapepala a maina a nyimbo. Nthunzi imatenthetsa zikombole, makina amafinya ndi mphamvu ya matani pafupifupi 100, kenako madzi ozizira amalimbitsa mbaleyo. Pafupifupi masekondi 30, mbale yatuluka. Mapepala aja samatidwa ndi guluu ayi, amalowerera m'pulasitiki yotenthayo.

Chifukwa chake ukhondo ndi nkhani yaikulu

Electroforming sisankha. Imakopera nyimbo, imakoperanso fumbi. Kachitsotso kamodzi kakagwera pa lacquer isanavekedwe siliva, kadzaoneka mwa bambo, mwa amayi onse, m'zikombole zonse, ndipo aliyense wogula mbaleyo adzamva "tha!" pamalo omwewo nthawi iliyonse. Tithovu ta mpweya wa hydrogen tikakakamira pa cathode timasiya timaenje m'chitsulo. Choncho amisiri amayeza kutentha kwa madzi, asidi wake ndi mphamvu ya mankhwala mosalekeza.

Ntchitoyi imadaliranso mafakitale ochepa kwambiri. Mu February 2020 moto unawononga fakitale ya Apollo Masters ku Banning, m'boma la California. Fakitaleyi inali imodzi mwa ziwiri zokha padziko lonse zopanga ma lacquer osalembapo. Inatsala ya MDC ku Japan. Njira ina imene ilipo ndi ya Direct Metal Mastering, yomwe makampani a Teldec ndi Neumann a ku Germany anayambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mmenemo amasema nyimbo pa mkuwa mwachindunji. Popeza mkuwa umadutsa kale magetsi, siliva safunika, ndipo mbale yamkuwayo imagwira ntchito ya mayi.

Sayansi yomweyi muipeza kwina. Ma CD ndi ma DVD a kufakitale amaumbidwanso ndi zikombole za nickel zomera m'bafa. Ku Copperbelt, m'dziko la Zambia, electrolysis ndi imene imatulutsa mkuwa woyera bwino pa cathode. Ndipo zombo ziwiri za Voyager, zomwe zinanyamuka mu 1977, chilichonse chinanyamula mbale yamkuwa yokutidwa ndi golide, yokhala ndi nyimbo ndi moni wa anthu a padziko lapansi, moni wa m'Chinyanja ali momwemo.

Dziyeseni

1. N'chifukwa chiyani lacquer imalumikizidwa ku negative osati ku positive? Lingalirani za chaji ya ma-ion a nickel.
2. Mwa zinthu izi, ndi ziti zomwe mungamvetsere pa galamafoni wamba: lacquer, bambo, mayi, chikombole? Fotokozani chifukwa chake.
3. Mu samu yathu ija, magetsi akakhala ma ampere 150 m'malo mwa 100, ntchitoyo itenga mphindi zingati?
4. Anode ikanakhala ya kaboni m'malo mwa nickel, chingachitike n'chiyani ku mtundu wobiriwira wa madzi aja pakapita nthawi?

Funso lachitatu liyankheni polemba sitepe iliyonse pamodzi ndi mayunitsi ake, monga mmene mungachitire pa mayeso a MSCE. Yankho lanu likaposa mphindi 96, bwererani pa kugawa paja: magetsi akachuluka nthawi iyenera kuchepa.